Chuma Chovala M'thupi: Osula Siliva a Mtundu wa Navajo



Nkhani yanga ndi ya anthu a kutali, kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la America, kumene zigawo za Arizona, New Mexico ndi Utah zimakumana. Dziko lonse limawadziwa kuti a Navajo, koma eni akewo amadzitcha Diné. Dera lawo, Navajo Nation, ndi la masikweya kilomita pafupifupi 71,000, ndipo likulu lake ndi Window Rock. Ndi dziko louma, la matanthwe ofiira, la abusa a nkhosa. Kumeneko ndi kumene kumachokera zibangili zolemera za siliva, mphete, malamba ndi mikanda yokhala ndi mwala wa buluu wotchedwa turquoise, zimene mwina munaziona m'mafilimu kapena pa intaneti.

Ogulitsa ambiri amakonda kunena kuti limeneli ndi luso la makedzana, la zaka masauzande. Amanama pang'ono. Mwalawo ndi wakaledi m'moyo wa anthu a kumeneko, koma kusula siliva n'kwa dzana: sikunakwanitse n'komwe zaka 200, ndipo a Navajo anachita kuphunzira kwa anthu a mtundu wina. Chimene ndikufuna kuti tione lero ndi mmene luso lobwereka linasandukira lawolawo, ndi mmene anthu akunja akhala akulikokera uku ndi uku kuyambira pamenepo.

Tiyambe ndi mwala, poti ndiwo unayamba. Turquoise imapangika m'malo ouma, pamene madzi ochepa a mvula amalowerera m'ming'alu ya miyala yokhala ndi mkuwa, aluminiyamu ndi phosphorus, n'kusiyamo timizere ta mwala watsopano. N'chifukwa chake imapezeka pafupi ndi migodi ya mkuwa. Mkuwawo ndi umene umaupatsa mtundu wa buluu. Chitsulo chikachulukirako, mwala umapendekera ku mtundu wa msipu. Mitsempha yakuda kapena yofiirira imene imayenda m'kati mwake ndi zotsalira za thanthwe limene unabadwiramo, ndipo odziwa miyala amatha kuyang'ana mitsemphayo n'kutchula mgodi. Si mwala wolimba kwambiri. Pa sikelo ya Mohs, pamene dayamondi ali pa 10, turquoise yabwino ili pakati pa 5 ndi 6. Ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, moti imamwa thukuta ndi mafuta a m'thupi, ndipo mphete imene agogo anavala zaka makumi anayi imatha kusintha mtundu.

Anthu a m'derali anayamba kuukumba kalekale, Mzungu asanafike. Ku mapiri a Cerrillos, pafupi ndi Santa Fe, kuli maenje aakulu amene anakumbidwa ndi nyundo za miyala. Ku Chaco Canyon, kumene makolo a anthu a Pueblo anamanga nyumba zazikulu za miyala zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ofukula zakale anapezako tizidutswa ta turquoise toposa 200,000. A Navajo nawo amaulemekeza mwalawu pa chipembedzo chawo. Dziko lawo amati lili pakati pa mapiri anayi opatulika, ndipo phiri lililonse lili ndi chinthu chake chamtengo wapatali: la kum'mawa chigoba choyera, la kumadzulo chigoba cha abalone, la kumpoto mwala wakuda, pamene la kum'mwera, Tsoodził, limene pa mapu limalembedwa Mount Taylor, ndilo la turquoise. Mwalawu ankaubowola, n'kuutunga pa chingwe, kapena kuuvala m'makutu. Siliva panalibe.

Siliva anabwera ndi akavalo. Anthu a ku Spain ndi zidzukulu zawo za ku Mexico, amene anakhazikika m'chigwa cha Rio Grande, ankakongoletsa zingwe za akavalo ndi zovala zawo ndi siliva, ndipo a Navajo ankazipeza mwa malonda kapena pa nkhondo. Cha m'ma 1850, munthu wina amene amakumbukiridwa ndi dzina loti Atsidi Sani anaphunzira kusula chitsulo kwa mmisiri wa ku Mexico amene a Navajo ankamutcha Nakai Tsosi. Anayamba ndi zitsulo za m'kamwa mwa kavalo ndi mipeni, kenako anatembenukira ku siliva, naphunzitsa ana ake ndi abale ake. Iyeyu ndi amene amatengedwa kuti ndiye kholo la osula siliva onse a mtunduwu.

Koma pakati pa chitsulo ndi siliva panagwa tsoka lalikulu. Mu 1863 boma la America linatumiza asilikali otsogozedwa ndi Kit Carson, amene anatentha minda ya chimanga, kupha nkhosa ndi kudula mitengo ya mapichesi ku Canyon de Chelly, mpaka njala inawagonjetsa anthu. Mu 1864 anawayendetsa wapansi mtunda woposa makilomita 400 kupita ku Bosque Redondo, pafupi ndi Fort Sumner, malo amene iwo amawatcha Hwéeldi. Anthu oposa 8,000 anatsekeredwa kumeneko. Madzi anali amchere, mbewu zinkadyedwa ndi mbozi, nkhuni zinali zosowa, ndipo anthu oposa 2,000 anafera komweko. Pali kankhani kamodzi ka m'ndendemo kamene kamandisangalatsa. Chakudya chinkaperekedwa poonetsa tikiti. Matikiti a pepala atayamba kukopedwa, asilikali anabweretsa achitsulo, poganiza kuti athana nazo. Osula a Chinavajo anawakopanso amenewo. Njala inali itanola kale manja amene pambuyo pake anadzasula zibangili.

Pa 1 June 1868 atsogoleri awo, kuphatikizapo Barboncito, anasainirana pangano ndi boma, ndipo anthu analoledwa kubwerera kwawo. Kusula siliva kunafalikira m'zaka zotsatira, pakati pa anthu amene anali atangotaya chilichonse ndipo ankayambanso moyo ndi nkhosa zochepa. Siliva wake ankamutenga kuti, poti analibe mgodi? Ankasungunula ndalama. Madola a siliva a ku America ndi mapeso a ku Mexico ndiwo anali chuma cha mmisiri. Cha m'ma 1890 boma la America litalimbitsa lamulo loletsa kuwononga ndalama zake, anatsamira pa mapeso, amenenso anali ofewa bwino pansi pa nyundo, mpaka cha m'ma 1930 pamene Mexico inaletsa kutulutsa ndalamazo. Kuyambira pamenepo eni sitolo ndiwo ankawagulitsa siliva wa timibulu, kenako wa mapepala ndi mawaya.

Tili ndi mwayi kuti dokotala wina wa asilikali ku Fort Wingate, Washington Matthews, anakhala pansi n'kuonerera amisiriwa akugwira ntchito, ndipo zimene analemba zinasindikizidwa mu 1883. Zipangizo zimene anaona n'zochititsa chidwi chifukwa cha kuchepa kwake. Chipala chinali cha dothi, chomangidwa pansi, chifukwa mmisiri ankagwira ntchito atakhala pansi. Mvukuto unali wa chikopa cha mbuzi. Posulira panali chitsulo chilichonse chimene watola. Mosungunulira munali timiphika ta dothi timene tinkasweka tikangogwira ntchito kangapo. Powotcherera ankauzira lawi ndi kampope ka pakamwa. Kusalaza ankachita ndi mchenga ndi phulusa. Kupatula chipalacho, zonsezi zinkatha kumangidwa m'kamtolo n'kukwezedwa pa kavalo banja likamasamuka ndi nkhosa.

Ndiloleni ndikhalitse pang'ono pa kapangidwe kake, chifukwa mawu oti "chopangidwa pamanja" satanthauza kanthu kwa munthu amene sanaone manjawo akuchita chiyani. Njira yoyamba ndi yosula. Siliva wosungunuka amathiridwa m'kachikombole kuti akhale kamtanda, kenako amamenyedwa ndi nyundo. Akamenyedwa amauma ndipo amafuna kung'aluka, choncho amabwezedwa pamoto kuti afewe, n'kumenyedwanso, mobwerezabwereza mpaka atafika pa msinkhu wofunika. Kenako pamabwera zidindo. Mmisiri aliyense ankasula zake kuchokera ku matupa akutha, misomali ikuluikulu kapena zitsulo za galimoto zakufa, n'kusema kumutu kwake kamwezi, kadzuwa kapena timizere. Nzeruyi inachokera kwa amisiri a ku Mexico odinda zikopa. Chidindo chimamenyedwa kamodzi. Ukaphonya palibe kufufuta. Mukaona chibangili chimene timizere take tazungulira n'kukumana ndendende pamene tinayambira, dziwani kuti munthuyo anayeza ndi diso limene laona zibangili zambirimbiri.

Njira yachiwiri ndi yothira m'mwala. Kuderali kuli mwala wofewa, wopepuka, wochokera ku phulusa la mapiri ophulika, umene amautcha tufa. Mmisiri amaudula pakati, n'kupekesa mbali ziwirizo mpaka zitagwirana bwino. Pa mbali imodzi amasema chithunzi cha chinthu chimene akufuna, pamodzi ndi ngalande yolowera siliva ndi timingalande totulukira mpweya. Amaufukiza mpaka utada ndi mwaye kuti siliva asakakamire, amamanga mbali ziwirizo pamodzi, n'kuthira. Siliva akazizira asanafike kumapeto, ntchito yonse yapita. Chikombole chotere sichikhalitsa, ndipo nthawi zambiri chimaphwanyika chitangobala chimodzi kapena zingapo. Khungu la mwalawo limatsala pa siliva, ndipo amisiri ambiri amalisiya dala osalisalaza.

Ngakhale kamkanda kamodzi ka siliva ndi ntchito. Amadula timagawo tiwiri tozungulira, n'kutimenya m'kadzenje kuti tikhale ngati timbale, kutibowola, kusalaza milomo yake ndi tupa, n'kutiwotcherera pamodzi. Mkanda wa m'khosi umodzi umafuna timikanda totere makumimakumi.

Zinthu zimene anasula zikuonetsa poyera kumene anaonera. Lamba wa concho, wokhala ndi mbale za siliva zotungidwa pa chikopa, unatengera zokongoletsa za anthu a ku Mexico ndi za mitundu ya m'zidikha za kum'mawa. Kachitsulo kooneka ngati mwezi watsopano, kotchedwa naja, kankalendewera pa chipumi cha kavalo wa Msipanishi. A Navajo anakachotsa pa kavalo n'kukaika pa chifuwa cha munthu. Mkanda wotchuka kwambiri, umene amalonda amautcha squash blossom poufanizira ndi chiluwe cha dzungu, akatswiri ambiri amati unachokera ku timakangaza ta siliva timene amuna a ku Mexico ankasokerera pa mathalauza. Chokhacho chimene chinali chawo kale ndi ketoh, chikopa chotchinjiriza dzanja ku nsinga ya uta, chimene anachiveka siliva ndipo chinapitirira kuvalidwa mauta atasiyidwa. Cha m'ma 1880 ndi pamene anayamba kukhazika turquoise pa siliva, pouzinga ndi kampanda kopyapyala kamene kamapindidwira pa mwalawo. Mwala wa makolo ndi chitsulo cha alendo zinakumana pamenepo. Lusoli silinathere kwa iwo okha: cha m'ma 1872 mmisiri wa Chinavajo Atsidi Chon anaphunzitsa Lanyade wa mtundu wa Zuni, ndipo Lanyade anadzaphunzitsa Sikyatala wa mtundu wa Hopi. Lero a Zuni amadziwika ndi timiyala ting'onoting'ono toyalidwa mwadongosolo, a Hopi ndi siliva wosanjikiza, pamene a Navajo amakonda siliva wolemera ndi mwala waukulu.

Tsono funso limene ogula ambiri sadzifunsa ndi ili: zinthu zimenezi ankapangira yani? Poyamba ankapangira anzawo, ndipo malipiro ake anali nkhosa, kavalo kapena bulangete. Banja la Chinavajo linalibe banki. Chuma chake chinali nkhosa ndi siliva, ndipo silivayo ankamuvala. Mabatani a pa bulauzi ya mayi ankatha kudulidwa pa kauntala ya sitolo n'kugula khofi ndi shuga. Ndalama inkalowa kawiri pa chaka, pometa ubweya ndi pogulitsa ana a nkhosa. M'miyezi ya pakati, bambo ankavula lamba wake n'kukapinyolitsa ku sitolo ya wamalonda, monga ija ya John Lorenzo Hubbell ku Ganado, imene anaitenga mu 1878 ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Wamalonda ankamangirira kapepala ka dzina pa lambayo, n'kuupachika m'chipinda chokhoma, ndipo banja linkatenga ufa ndi nsalu pa ngongole. Ubweya ukagulidwa, lamba ankawomboledwa. Amalonda ena ankalola mwini wake kubwereka chikole chake kuti akavale ku mwambo, n'kudzabweza mwambo ukatha.

Tisalikometsere dongosololi. Wamalonda ndi amene ankaika mtengo wa ubweya, mtengo wa ufa ndi mtengo wa chikole, ndipo sitolo ina inali kutali ulendo wa tsiku lathunthu. Chikole chosawomboledwa pa nthawi yake chinkagulitsidwa, ndipo zambiri mwa zinthu zakale zokongola zimene zili m'nyumba zosungiramo zakale ndi m'makabati a anthu olemera lero zinatuluka m'mabanja mwa njira imeneyi. Amalonda amazitcha dead pawn ndipo amazikweza mtengo, koma kuseri kwa chilichonse kuli chaka chimene nkhosa zinafa kapena munthu anadwala. Mu 1973 bungwe la boma la Federal Trade Commission linatulutsa lipoti lodzudzula masitolowa, malamulo anakhwima, ndipo pinyolo anasamukira m'matauni a m'malire monga Gallup ndi Farmington, kumene akuchitikabe.

Wogula wachiwiri anabwera pa sitima. Njanji inafika ku Gallup mu 1881, ndipo kampani ya Fred Harvey, imene inkayendetsa mahotela ndi malo odyera m'mbali mwa njanji ya Santa Fe, inaona kuti alendo odzaona malo akufuna kanthu kopita nako kwawo. Koma zibangili za a Navajo zinali zolemera ndi zodula. Mu 1899 Herman Schweizer wa kampaniyo anayamba kuitanitsa zopepuka, ndipo posakhalitsa zinadzaza mivi, mbalame za mphezi ndi zizindikiro zina zimene mlendo ankaganiza kuti ndizo za Chiindiya, kutanthauza za eni nthaka a ku America. Timabuku tofotokoza "tanthauzo" la chizindikiro chilichonse tinkalembedwa ndi amalonda. Anzathu osema ziboliboli amene muli muno mukuidziwa nkhani imeneyi: mlendo akafuna njovu, njovu ndi imene imasemedwa. Kenako m'mizinda monga Albuquerque munatsegulidwa mafakitale kumene makina ankadula ndi kudinda, Mwiindiya n'kumangolumikiza, kuti sitolo izitha kunena kuti zadutsa m'manja mwake. Chizindikiro chimodzi chimene chinalidi ndi malo pa miyambo yawo, cha mitanda yozungulira, chinafanana ndi cha chipani cha Nazi, ndipo mu 1940 nthumwi za a Navajo, Hopi, Apache ndi Papago zinasaina chikalata chosiya kuchigwiritsa ntchito.

Kubweza luso m'manja mwa eni ake kunatenga nthawi. Mu 1935 boma linakhazikitsa Indian Arts and Crafts Board, ndipo mu 1941 kunabadwa Navajo Arts and Crafts Guild, kumene mphunzitsi Ambrose Roanhorse ankalimbikitsa siliva wolemera ndi mapangidwe osadzaza. John Adair anayenda m'midzi kufunsa amisiri okalamba, ndipo buku lake la mu 1944 ndi limene linasunga mayina ambiri amene ndatchulawa. Amayi, amene kale ntchito yawo inali yoluka, nawo analowa m'chipala. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Kenneth Begay, amene anayamba ngati wosula chitsulo ndipo anagwira ntchito ku White Hogan ku Scottsdale, anaonetsa kuti chinthu chikhoza kukhala chamakono, cha mizere yoyera, n'kukhalabe cha Chinavajo. Anadzaphunzitsa ku Navajo Community College, koleji yoyamba yoyendetsedwa ndi mtundu wa eni nthaka ku America, imene inatsegulidwa mu 1968.

Golide ndi mlendo wa posachedwa. Amene anatsegula njira anali Charles Loloma, wa mtundu wa Hopi, amene anthu ena poyamba ankanena kuti ntchito yake si ya Chiindiya. A Navajo monga Harvey Begay, mwana wa Kenneth, ndi abale awiri a ku Gallup, Lee ndi Raymond Yazzie, anatsatira. Siliva wa masiku ano ndi sterling, wa maperesenti 92.5, golide amene amagwiritsa ntchito ndi wa makarati 14 kapena 18, kutanthauza maperesenti 58 kapena 75 a golide weniweni. Mmisiri saika mwala wamba pa golide, choncho kumene kuli golide n'kumenenso kumapita miyala yabwino koposa. Mu 2014 National Museum of the American Indian ku New York inaonetsa ntchito za banja la Yazzie, ndipo pakati pake panali chibangili cha Lee chooneka ngati chimanga cha maso a buluu, diso lililonse mwala wosemedwa paokha. Wina akanena kuti golide si mwambo wa a Navajo, muzimukumbutsa kuti mu 1860 siliva nayenso sanali mwambo wawo.

Tifike pa mawu amene amadyetsa anthu ndalama zambiri: natural turquoise. Mwala wachilengedwe ndi umene wangodulidwa ndi kupukutidwa, osathiridwa kalikonse. Woterowo ndi wochepa, chifukwa turquoise yambiri imatuluka mu mgodi ili yofewa ngati choko, yosatheka kusema. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 anthu anaphunzira kuikamiza utomoni wa pulasitiki m'timabowo take kuti ilimbe ndi kuwala. Imeneyi amaitcha stabilized, ndipo ine sindiona cholakwa pa iyo, bola wogula auzidwe. Ndi imene imapangitsa kuti mphunzitsi kapena namwino athe kugula mphete. Pansi pake pali ya zinyenyeswa zoperedwa n'kumatidwa ndi guluu. Pansi penipeni pali miyala yoyera ya mtundu wina, howlite ndi magnesite, yonyikidwa mu utoto, ndi pulasitiki weniweni woumbidwa ngati njerwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Diso lokha silikwanira kusiyanitsa, ngakhale la munthu wozolowera.

Mtengo wa mwala wachilengedwe ukukwera chifukwa migodi yotchuka ikutha. Bisbee ndi Morenci, ku Arizona, inali migodi ya mkuwa kumene turquoise inkangotuluka pambali, ndipo yakale ina inatuluka m'timabokosi ta chakudya ta ogwira ntchito. Sleeping Beauty, pafupi ndi Globe, wa mwala wa buluu wopanda mitsempha, unasiya kutulutsa turquoise mu 2012. Lander Blue wa ku Nevada, wopezeka mu 1973, unatulutsa pafupifupi makilogalamu 50 okha n'kuuma, ndipo mwala wake umagulitsidwa pa karati ngati dayamondi. Kingman ukugwirabe ntchito. Yambiri ya pa msika lero imachokera ku chigawo cha Hubei ku China, ndipo ina mwa iyo ndi yabwino zedi. Mwala wakunja si wachilendo m'manja mwa amisiriwa. Kale Hubbell ankaitanitsa wa ku Persia. Mphete ya mwala wa ku China yosulidwa ndi Mnavajo ndi ya Chinavajo ndithu. Bodza limayamba pamene mwalawo wapatsidwa dzina la mgodi wina.

Bodza lalikulu koposa ndi la dzina la wopanga. Lamulo la Indian Arts and Crafts Act la mu 1990 limaletsa kugulitsa chinthu ngati cha Mwiindiya pamene sanachipange ndi membala wa mtundu wovomerezeka kapena mmisiri amene mtunduwo wamuvomereza. Wolakwa koyamba akhoza kulipa madola 250,000 kapena kukhala m'ndende zaka 5, ndipo kampani ikhoza kulipa madola 1,000,000. Pa pepala ndi lamulo la mano. Koma munthu woyamba kupita kundende chifukwa cha lamuloli anaweruzidwa mu 2018, patatha zaka 28, pambuyo pa kafukufuku amene anapeza kuti masitolo ena a ku New Mexico ankagulitsa katundu wopangidwa m'mafakitale a ku Philippines, wokopedwa ku ntchito za amisiri enieni ndi kudindidwa zilembo zonga zawo. Anamupatsa miyezi 6.

Choncho amene akufuna kugula amalangizidwa kufunsa mafunso anayi, ndipo mayankho ake alembedwe pa lisiti: wapanga ndani, wa mtundu uti, chitsulocho n'chiyani, mwalawo wathiridwa kanthu kapena ayi. Chidindo cha dzina kuseri chimathandiza, koma zakale zambiri zilibe, poti kusaina kunafala m'zaka za m'ma 1970, ndipo chidindo nachonso chimakopedwa. Amisiri otchuka amagulitsa ku Santa Fe Indian Market, msika wa chaka ndi chaka umene unayamba mu 1922, ndi ku chionetsero cha Heard Museum ku Phoenix, kumene wogula amalankhula ndi wopanga maso ndi maso. Koma amenewo ndi ochepa. Ambiri amasulira pa tebulo la kukhitchini, amagula siliva pa mtengo wa msika wa dziko lonse, ndipo Loweruka amakayala katundu wawo pa msika wa ku Gallup, kapena kuyenda tebulo ndi tebulo m'malesitilanti ndi ndolo m'kathireyi, pamene sitolo ya tsidya la msewu ikugulitsa chofanana nacho cha kufakitale pa mtengo wotsika kwambiri.